Mphunzitsi Satsinzina

"Wina asayerekeze kumuimbira Mphira," anatero Bambo pakhonde la chipatala, akuloza aliyense ndi kiyi wa kunyumba. "Mwana ameneyo ndimamudziwa ine. Akangomva kuti amake agwa, asiya zonse n'kuliyatsa la kuno. Musiyeni amalize kaye sukulu yakeyo."

Onse anavomera ndi mitu. Koma dzuwa lisanapendeke, azakhali anali atalemba kale pa gulu la banja la pa foni kuti aliyense agwade pomwe ali, amalume anali atatumizapo chithunzi cha botolo la diripi, ndipo Mlonda, chitsirizira cha m'nyumbamo, anali kuseri kwa chipinda chochapira, mwana kumsana, akunong'onezera Mphira pa foni: "Achemwali, Mayi sakutha kuyankhula."

Dzina loti Mlonda anamupatsa ali wamng'ono, chifukwa ankadzuka pabedi kukagwira loko wa chitseko chomwe anthu atseka kale. Sekondale sinamuchotse khalidweli, ukwati nawo unalephera, ndipo atabereka ndiye linachita kuphukira. Mwana wake wamkazi, yemwe onse ankamutchula kuti Adona poti nyumba yonse inkayendera zofuna zake, akagona tulo tabwino, Mlonda ankamuika chala pamphuno kuti amve ngati akupuma. Mwamuna wake ankayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu ndipo ankaoneka mwa apo ndi apo, choncho Mlonda ankakhala kwa makolo ake, m'chipinda chomwe anakuliramo.

Mkulu wake ndiye anali wina. Mphira anabadwa wopindika. Ali mwana ankatha kudya mwendo uli pakhosi mpaka Mayi kumuopseza ndi chipande. Atakula anapeza ntchito ku jimu ya pa hotela ina, yopinda matawulo ndi kupukuta zitsulo zomwe mabwana asiyapo thukuta. Kumeneko ndi komwe anaonera yoga, masewera opinda thupi ndi kupuma mofatsa, poyamba kudzera pa galasi la chitseko, kenako ali kumbuyo kwa kalasi, mopu atautsamiritsa kukhoma. Zaka zinapita iye akudzimana, nsapato zomwezomwezo, tsitsi lometa, mpaka tsiku lomwe anakwera ndege kupita kutsidya kwa nyanja kukaphunzira uphunzitsi wa yoga. Anali atatsala pang'ono kumaliza pamene foni ya mng'ono wake inamupeza.

Anafika Mayi atangotulutsidwa kumene m'chipatala. Mlonda anamuona pawindo akutsika takisi, chikwama chimodzi kumsana, kamkeka kokulunga kukhwapa. Anali ataonda, koma ankayenda ngati wasenza ndowa yodzaza ndipo sakufuna kuti dontho litayike. Bambo anamulandira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Wakuuza ndani?"

"Funsani amene sanandiuze, Bambo, simuchedwa kuwawerenga."

Bambo anacheukira Mlonda. Mlonda anaweramira thewera lomwe linali m'manja mwake n'kuyamba kulipinda kachiwiri.

Sitiroko inawasiyira Mayi mwendo wokoka, pakamwa popotoka pang'ono ndi mawu otuluka limodzilimodzi. Koma chomwe chinkawaliza chinali dzanja lamanja. Dzanja limenelo linali litaluka majuzi a ana a sukulu a m'dera lonselo, osayang'ana n'komwe masingano, eni ake akucheza ndi kasitomala. Tsopano linali litafumbata gwaa, chala chachikulu chili mkati, ngati likubisa kanthu.

Mayi wina wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo ku chipatala, anawapatsa ntchito yoti azichita kunyumba: kutambasula zala pang'onopang'ono, kenako kutola zitsekerero za mabotolo n'kumaziika m'kapu. Nthawi yake ikakwana banja lonse linkazungulira tebulo, ndi alendo odzazonda omwe. "Eya, Mayi! Yesaninso! Mwatsala pang'ono!" Anali mawu omwewo amene ankamuuza Adona akamaphunzira kuimirira. Tsiku lomwe Mphira anafika, azakhali anafika poomba m'manja. Mayi anawayang'ana onse mmodzimmodzi, kenako ndi dzanja lamanzere anasesa zitsekererozo, kapu ndi zonse, wayawaya pansi. Anatembenukira kukhoma.

Mphira anagwada, natola zitsekererozo chimodzichimodzi, n'kukaziika pamwamba pa kabati pomwe palibe amene akanaziona.

M'mawa mwake Mlonda akuyamwitsa anamva tebulo la pabalaza likukokedwa. Anasuzumira. Mphira anali pa kamkeka kake, akupinda thupi ndi kulitambasula mosapupuluma, opanda phokoso kupatula mpweya wake. Mlonda anayembekezera zodabwitsa za mwendo pakhosi zija, koma sizinabwere. Pomaliza mkulu wakeyo anakhala pansi, msana uli chilili, manja pa mawondo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba. Chala chachikulu chinakumana ndi chamkombaphala, nsonga kwa nsonga, zinazo zitatambasuka mosaumirizidwa. Anali manja omwe aja ouma ndi sopo wa ku hotela, a chipsera cha nsimbi kuseri kwake, koma Mlonda anali asanaonepo manja a munthu wa m'banja mwawo atakhala osagwira kanthu, osafunanso kugwira kanthu. Anawayang'ana mpaka Adona anasiya bere n'kumumenya pachifuwa. Pobwerera anaona kuti chitseko cha Mayi chinali chotsekula pang'ono, ndipo diso la Mayi linali pomwepo.

"Zala zija bwanji?" anafunsa Mlonda akutsuka makapu.

"Kumene ndinaliko amati mudura. Ndi kaikidwe ka zala basi, ndipo kalipo kosiyanasiyana. Thupi likakhala phee, maganizo amasowa pogwira, amayamba kuyendayenda ngati mbuzi yodula chingwe. Ndiye umawapatsa nsonga za zala kuti agwire pamenepo."

"Zimachiza?"

"Ayi, mwana wa amayi. Ochiza ndi a mafizo ndi mapilitsi aja. Aphunzitsi ena kumeneko amati chala chilichonse chili ndi mphamvu yake, ichi cha moto, ichi cha mphepo. Ine zimenezo sindinazione ndi maso anga. Chomwe ndaona n'chakuti munthu akakhala chonchi amasiya kuthamanga."

Tsiku lomwelo, atatha kumwa tiyi, Mphira anaika mipando mozungulira n'kuitana onse.

"Ine pansi sindikhala," anatero Bambo. "Mawondo angawa mungachite kundidzutsa ndi jeke."

"Mukhala pampando, Bambo. Lamulo ndi limodzi. Aliyense achita, ndipo aliyense atsinzina. Palibe woonerera, palibe woomba m'manja."

Bambo anakumanitsa zala zawo n'kuzikweza m'mwamba. "Chonchi? Ngati ndikuthira mchere m'ndiwo?"

"Chomwecho. Koma musathire."

Pakona ya pakamwa pa Mayi panagwedezeka. Anayang'ana mwamuna wawo atatsinzina mwamphamvu ngati akudikira jakisoni, anayang'ana ana awo, ndipo ataona kuti palibe diso lomwe lili pa iwo, anakoka dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika pa bondo. Anatsinzina.

Koma diso linalipo. Mlonda anayesetsa ndithu. Ankati akatsinzina, nthawi yomweyo mumdimamo munkaoneka Adona akukwawira ku soketi, mphika ukuphulika pa sitovu, Mayi akutsetsereka pampando. Ndiye ankatsegula kadiso kamodzi, kuonetsetsa, kutseka, kenako kutsegula kenanso. Tsiku ndi tsiku zinali choncho. Ankaona Bambo akuwodzera mchere wawo uli m'manja. Ankaona dzanja lamanzere la Mayi likuchita bwinobwino, pamene lamanja likunjenjemera, phewa likukwera mpaka kukhutu. Ndipo ankaona mkulu wake, maso ali tseke, nkhope yosalala ngati ya munthu amene wamva nyimbo yomwe ena sakuimva, mawu ake akutsika pang'onopang'ono: kokani mpweya, tulutsani, imvani pomwe zala zakumana. Mlonda ankamusirira. Ankadzifunsa kuti mimba imodzi ingatulutse bwanji anthu awiri, wina mtima uli m'malo, wina uli pakhosi.

M'nyumbamo munayamba kupepuka. Mayi analolanso kutambasulidwa zala monga ananenera a mafizo, bola akhale Mphira. Kuwasambitsa, Mphira. Kuwadzutsa pabedi, Mphira, yemwe ankadziwa poika phazi ndi pogwira kuti munthu wamkulu adzuke ngati wadzuka yekha. Akangotuluka kupita kugolosale, Mayi ankayang'ana chitseko mpaka abwere.

Masana ena Mlonda akutaya madzi kuseri kwa nyumba anamva mkulu wake akuyankhula Chingerezi pa foni. Anaima beseni lili m'manja. Sanamve zonse, koma zomwe anamva zinakwana. Gawo lomaliza, lomwe wophunzira aliyense amaphunzitsa kalasi pamaso pa aphunzitsi ake, linali kuyamba sabata yotsatira. Malo ake anali akumusungirabe, tikiti yobwerera inalipo. Akapanda kufika, zonse zomwe anachita zigwera m'madzi, adzayambirenso pachiyambi chaka china, ndipo onse ankadziwa kuti chaka chinacho kwa munthu wopinda matawulo sichibwera. Mphira anathokoza, anapepesa, nati sakuona kuti zitheka.

Mlonda anamva mtima wake ukutsika, kuti phee, ngati watula katundu. Kenako manyazi anamugwira chifukwa cha kutsikako. Woimba foni yomuitana mkulu wakeyo anali iye. Walira mvula walira matope, koma apa matopewo anali atathimbirira wina.

Anayambitsa nkhaniyo akuyanika zofunda za Mayi, aliyense atagwira nsonga yake.

"Achemwali, kumeneko mumaphunzira chiyani kwenikweni? Si mumatha kale kupindika?"

Mphira anaseka. "Kupindika ndiye chinthu chomwe sachifuna n'komwe. Tsiku loyamba ndinadzionetsa, mwendo uku, mutu uku. Mphunzitsi wathu wamkulu, kamayi kakafupi ka imvi mbuu, anangondidutsa ngati akudutsa mpando. Kumeneko umadzuka kusanayere, kusesa, kukhala chete, kenako kuloweza mayina a mafupa ndi minofu ngati ufuna udokotala. Umaphunzira kuyankhula kuti munthu wa msana wowawa ndi munthu wapakati onse akumve. Umaphunzira kukhala kalilole."

"Kalilole?"

"Ukayang'anizana ndi kalasi, ukati kwezani dzanja lamanja, iwe umakweza lamanzere, kuti iwo angotsata zomwe akuona. Pakamwa pakunena china, thupi likuchita china. Ndinasokonezeka mpaka tsiku lina ndinapereka moni ndi lamanzere kwa munthu wamkulu."

"Ndiye zimenezo munazitha?"

"Zimenezo ndinazitha. Chinandikanika ndi maso." Anakung'untha pilokesi. "Ine ndikangoyamba kupuma bwino ndimatsinzina, ndapita. Tsiku lina tikuyeserera kuphunzitsa, ndinawauza anzanga atsinzine, inenso tseke. Potsegula ndinapeza wina akuliza mkonono, wina anatuluka kalekale kupita kuchimbudzi, ndipo kamayi kaja kaima pamphuno panga penipeni. Kanandigogoda pachipumi ndi chala, go go go. Kakuti, wophunzira amatsinzina chifukwa pali wina amene akumuyang'anira. Mphunzitsi satsinzina."

Anaseka onse awiri mpaka Adona kumsana anayamba kuseka nawo osadziwa chifukwa.

"Bwererani, achemwali," anatero Mlonda. Mawuwo anatuluka opyapyala, ndipo iye mwini anamva kuti alibe miyendo.

"Ndibwerere, Mayi awasambitse ndani? Bambo sadziwa ngakhale pomwe pamakhala sopo. Iwe Mayi akangotsokomola umafuna kuitana ambulansi, uli ndi Adona kumsana." Sananene mokalipa. Anamukonzera mng'ono wakeyo nsalu paphewa. "Usadandaule. Yoga sithawa."

Zonse zinali zoona, kupatula zomalizazo.

Linafika tsiku lokatenga mapilitsi ku chipatala. Mphira analawira, akuti abwera tiyi asanazizire, koma mzere wa kumeneko sudziwa malonjezo a munthu. Bambo anapita kukameta. Dzuwa linakwera, nthawi ya mipando ija inakwana n'kupitirira. Mayi anayamba kugogoda mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere.

"Mukufuna madzi, Mayi? Kuchimbudzi? Mutu ukupweteka? Mukuona chizungulire?"

Mayi anapukusa mutu mokwiya. "Za... la."

"Tidikire achemwali, ali m'njira."

"I... we."

Mlonda anayang'ana kukhomo, kunalibe munthu. Anamangitsa nsalu ya Adona, nakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Mayi, mawondo awo atatsala pang'ono kugundana. Mawu onse a mkulu wake anali nawo m'mutu, poti amene sagona m'kalasi amamva zonse, koma potuluka ankanjenjemera ngati a mwana wolakatula ndakatulo pamaso pa ahedi.

"Ikani manja pa mawondo. Tiyambe ndi lamanja." Anakweza lake lamanja, nakumbukira kalilole uja, nalibweza msangamsanga n'kukweza lamanzere. "Tsopano tsinzinani."

Mayi anatsinzina. Mlonda sanayese n'komwe. Kwa nthawi yoyamba sanafunike kuba ndi kadiso kamodzi. Anayang'ana ndi onse awiri, pafupi, momwe ankamuyang'anira Adona akagona.

"Kumanitsani zala."

Ndipo anaona. Mayi atangomva mawuwo anagwira mpweya, mano anakumana, phewa linakwera, ndipo dzanja lija m'malo motseguka linafumbata kwambiri mpaka mfundo za zala zinayera. Ankalimbana nalo ngati munthu wotsegula botolo lokanika. Akatopa ankapuma mwabefu, n'kuyambiranso. Mlonda anazindikira kuti zimenezi wakhala akuziona masiku onsewa osadziwa kuti akuona chiyani.

Kumsana Adona anayasamula, kukamwa konse, ndi kaphokoso kake. Mayi, maso ali chitsekere, anatengera, nawonso anayasamula. Pamene mpweya unkatuluka phewa linatsika, ndipo zala zija zinamasuka zokha, pang'ono chabe, ngati duwa lomwe likuganiza kaye. Kuyasamula kutatha zinabwerera.

Mlonda anaweramira pafupi.

"Mayi, zalazo zisiyeni. Musaziuze kanthu. Ingotulutsani mpweya pang'onopang'ono, ngati mukuziziritsa tiyi wa Adona. Eya. Kokaninso. Tulutsani, wonse, mpaka uthe."

Anabwereza, nabwerezanso. Mawu ake anasiya kunjenjemera osadziwa kuti asiya liti. Anadikira mpaka phewa litatsika n'kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Mlonda, yemwe sankatha kudekha pa china chilichonse, pa kuyang'anira munthu wopuma ankatha kukhala mpaka mawa.

"Tsopano, mpweya ukamatha, chala chamkombaphala chokha chipite kukapereka moni kwa chachikulu. Chikakana, chisiyeni."

Ulendo woyamba sichinasunthe. Wachiwiri chinanjenjemera. Kenako chinanyamuka, chinayenda mokayika, n'kuima patatsala kampata koti n'kudutsa kamtengo ka machesi. Sizinakumane. Koma chinayenda chokha, dzanja lili lotseguka.

"Eya, Mayi!" anali atafika kale pamilomo. Mlonda anawaluma mawuwo, nawameza, misozi ili m'maso. "Kokani mpweya," anatero ndi mawu wamba, ngati palibe chachitika. "Tulutsani."

Atakweza maso anaona Mphira ataima pakhomo, kapepala ka mapilitsi m'dzanja limodzi, nsapato atazivula zili m'dzanja linalo kuti asachite phokoso. Mlonda anafuna kudzuka kuti amupatse mpando. Mphira anapukusa mutu, nakhala pansi pomwepo pakhomo, mpaka zinatha.

Anakumana kukhitchini.

"Zija waziona bwanji?"

"Ndimasuzumira, achemwali. Pepani."

"Kuti umasuzumira ndimadziwa, mpando wako umalira nthawi zonse." Mphira anatsamira sinki, akuyang'ana manja ake. "Ine masiku onsewa ndakhala nditatsinzina pamaso pa Mayi anga. Ndimawauza kumanitsani zala, iwo akumenya nkhondo, ine ndili kumwamba ndi angelo. Kamayi kaja kakanakhala pano chipumi changa chikanatupa."

Mlonda anayembekezera kuti mkulu wake akhumudwa, kapena anena kuti zangochitika mwangozi. Koma m'mawa mwake Mphira anaika mipando monga mwa masiku onse, nakhala pa mpando wa Mlonda, wolira uja.

"Lero atiphunzitsa ndi awa."

"Alonda?" anatero Bambo. "Ndiye titsinzine ndi mtima wonse, katundu sabedwa."

Masiku otsatirawo Mphira anamugwira mng'ono wake ngati wophunzira weniweni, osamunyengerera. Anamuonetsa pogwira dzanja la Mayi, pansi pa mfundo, osati kukoka zala. Anamuonetsa kaikidwe kena kosavuta, dzanja lina kugona m'chikhatho cha linzake pamiyendo, ka masiku omwe Mayi atopa. Anamuphunzitsa kusiya zinthu zikadali bwino, munthu asanafooke. Akalakwitsa ankamuuza pomwepo: wathamanga, wayankhula zambiri, wafunsa kuti mukumva bwanji katatu konse. Pa tsiku la mafizo anamutenga, namukankhira kutsogolo kuti afotokoze yekha zomwe anaona. Mayi wa mafizo anamvetsera, nati n'zoona, dzanja lotere ukalikakamiza limaumirira, apitirize koma asasiye zotambasula zija. Kenako anamuphunzitsa Mlonda kudzutsa Mayi pabedi, kubwereza mpaka anazolowera. Bambo nawo anaonetsedwa pomwe pamakhala sopo, thawulo ndi beseni, ndipo anadandaula kuti m'nyumba mwawo momwe alowa usilikali.

Za ulendo Mphira sanatchulepo. Ankangophunzitsa, ngati munthu wokonza denga la nyumba yomwe akhalemo yekha. Ndipo Mlonda ankadziwa kuti mkulu wakeyo sadzapempha. Akapanda kutsegula pakamwa iye, sabata idzatha, ndege idzapita, ndipo m'nyumbamo aliyense adzapitiriza kugona bwino.

Mawa lake linali tsiku lomaliza loti munthu n'kunyamuka n'kukafika nthawi yake. Dzuwa litangolowa, Mlonda anamupeza Mphira akupukuta mbale. Anatenga mbale imodzi n'kuyamba kuipukuta ngakhale inali youma kale.

"Achemwali, ndege ija ndi ya mawa madzulo, eti?"

Mphira anaima. "Umamvetseranso mafoni a anthu?"

"Ndimamva zonse, mukudziwa." Anapuma. "Pitani. Sindikunena kuti sindiziopa. Ndiziopa, ndizikuimbirani mpaka mudzatope nane, mwina ambulansi ndidzaitana kamodzi kapena kawiri pachabe. Koma kuwadzutsa ndikutha, kuwasambitsa ndikutha, zala ndikutha. Ndizichita ndikuopa chomwecho. Mukakhala chifukwa cha ine, ndiye ndidzaopa kukuyang'anani kumaso moyo wanga wonse."

Mphira anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali otsegula ndithu. Kenako anaika mbale pansi.

"Tiye tikawauze Mayi. Akakana, sindipita."

Mayi anali pampando wawo pabalaza, Bambo akuwawerengera nkhani za pa foni mokweza ngati Mayiwo ndi ogontha. Mphira anagwada patsogolo pawo nafotokoza zonse, za gawo lomaliza, za malo omwe akumusungira, za ndege. Sanakometse, sanabise. Asanamalize, dzanja lamanzere la Mayi linali litagwira kale diresi yake paphewa, zolimba. Mlonda anaima kukhomo. Anaona chibwano cha Mayi chikunjenjemera, anaona maso awo akuchoka pa Mphira kubwera pa iye, n'kukhala pamenepo, akumuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanathawitse maso.

Dzanja lija linamasuka. Linasalaza pomwe linakwinya.

"Pi... ta."

"Mayi..."

"Ko... ma." Anavutika, pakamwa pakukana, onse ali chete osawathandiza mawu. "U... sa... ndi... dzu... tse."

Bambo anatsokomola, nayang'ana kudenga kanthawi. "Chabwino. Kupita ku bwalo la ndege pali basi ya m'mamawa kwambiri, pali ina ya chakumasana. Ya masanayo ukafikabe, bola dalaivala asakhale wopemphera pa siteji iliyonse. Ugone mokwanira, umwe tiyi, utsanzike bwinobwino ngati munthu."

"Ya masana ikhoza kufa panjira," anatero Mlonda. "Kapena kupeza ngozi yatseka msewu. Pasipoti ili kuti, achemwali? Mwaiona lero? Foni mwatchaja?"

"Mwamumva mphunzitsi wanu," anatero Mphira, akuseka uku akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anali akadagwada, mutu wake uli pafupi ndi bondo la Mayi. "Ayi, Bambo. Kukandichera m'nyumba muno, ndikamva Mayi akuitana, ndikawaona akumwa tiyi, ndikudzidziwa ine, chikwamacho ndichimasula. Ndikwera yoyambayo. Ndinyamuka kusanache."